Kanyale kowerengera kumutu kwa bedi mu kalavani: mugule kotani, magetsi mutenge pati?

Wowerenga wina wa ku Chipata walemba kuti: "Ndinagula kalavani yakale yochokera ku South Africa. Timayendera ku Mfuwe komanso ku misonkhano ya mpingo ku Katete ndi ku Petauke. Ili ndi batire limodzi la 100Ah ndi sola padenga. Nyale ilimo imodzi yokha, pakati pa denga, ndiye ndikafuna kuwerenga usiku mayi a kunyumba amadandaula kuti ikuwathobwa m'maso. Ndingaike bwanji kanyale kumutu kwa bedi popanda kuwononga kanthu?"

Bambo, ntchito imeneyi ndi ya masana amodzi, ndipo ngati mumatha kusenda waya ndi kumanga sikuluwu mukhoza kuigwira nokha. Chofunika n'kukumbukira kuti kalavani si nyumba. Imagwedezeka maola ambiri pa mabampu, imaphikidwa ndi dzuwa la mu Okutobala ku chigwa cha Luangwa kumene kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo khoma lake lamkati ndi lopyapyala ngati chikuto cha buku. Zinthu zimene zimakhala zaka khumi m'nyumba osazikhudza, mu kalavani zimakhwefuka pa ulendo umodzi. Choncho zonse zimene ndikuuzeni pano zikuchokera pa adani awiriwa, kugwedezeka ndi kutentha.

Tiyambe ndi nyale yoti mugule, chifukwa ambiri amatayira ndalama pamenepa. Ikhale ya LED, ya pakati pa 1W ndi 3W. Nambalayi isakuchepereni. Kuwala kwa malumeni (muyeso wa kuwala kwa nyale) 100 mpaka 200, kukalunjika pa tsamba, kumakwana kuwerengera ngakhale Baibulo la zilembo zing'onozing'ono. Nyale ya 3W pa 12V imakoka 0.25A, ndiye mukawerenga maola awiri mwadya 0.5Ah basi (Ah ndi muyeso wa magetsi osungidwa mu batire). Batire lanu, ngati ndi la asidi, muyenera kumadyako theka lokha, 50Ah, kuti likhalitse. Kuwerenga kwa usiku umodzi kukutengerani gawo limodzi mwa magawo 100 a zimenezo. Tinyale takale ta halojeni ta 10W, timene timapezeka m'makalavani ambiri akale, timakoka kuposa katatu pamenepo ndipo timatentha moti timasungunula neti. Timeneto tisiyeni.

Tsopano tembenuzani bokosi muwerenge mphamvu ya magetsi imene nyaleyo imalola. Funani yolembedwa 10–30V DC. Chifukwa chake n'chakuti magetsi amene timati a 12V sakhala 12V. Batire lodzadza likakhala phee limaonetsa 12.6V kapena 12.7V, koma sola ikamalitchaja masana limakwera kufika 14.4V, nthawi zina kuposerapo pang'ono. Nyale zotchipa zolembedwa 12V yokha zimakhala ndi timababu titatu totsatizana ndi karesisita kamodzi koletsa magetsi. Timababuto timadya pafupifupi 9V, zotsalazo zimagwera pa karesisita. Pa 12V zotsala ndi 3V, pa 14.4V zotsala zimadutsa 5V, ndipo magetsi odutsa m'timababu amatsala pang'ono kuwirikiza kawiri. Nyale imawala kwambiri kwa milungu ingapo, kenako imayamba kuphethira, kababu kamodzi kamada, yonse n'kufa. Ya 10–30V ili ndi kadera kake mkati kamene kamapereka magetsi ofanana kaya batire lakwera kaya latsika. Imadula pang'ono, koma mugula kamodzi.

Amene akuwerenga izi ali ndi Rosa, Coaster kapena Canter yosandutsidwa chogonamo asamale kwambiri, chifukwa zambiri mwa galimoto zimenezi ndi za 24V, mabatire awiri otsatizana. Nyale ya 12V yokha imapsa nthawi yomweyo. Ndipo musachite zoba 12V pa batire limodzi mwa awiriwo: limatha msanga kuposa linzake, linzakelo limatchajidwa mopitirira, onse awiri n'kuwonongeka. Nyale ya 10–30V imathetsa nkhaniyi.

Mtundu wa kuwala nawo ndi wofunika. Pa bokosi pamalembedwa nambala yothera ndi K. Tengani ya 2700K kapena 3000K, yowala mofiirira ngati nyale ya palafini. Za 6000K kupita m'mwamba, zoyera mobiriwira zimene zadzadza m'mashopu a sola, zimalasa m'maso, zimathamangitsa tulo, komanso zimaitana tizilombo kuposa zofiirira. Aliyense amene anagonapo ku chigwa nthawi ya mvula zoyamba, inswa zikutuluka, akudziwa zimene nyale yoyera imachita pa windo. Mutu wa nyale ukhale wozama, kababu kali mkati ngati mu kapu, kuti kuwala kupite kumodzi. Ukhale wotembenuzika kapena wa khosi lopindika, koma khosi lalifupi. Khosi lalitali limavina pa msewu mpaka limakhwefula masikuluwu.

Za swichi, ine ndimalangiza ya batani wamba yodina, yomveka kuti "tcha". Zongokhudza ndi chala zimaoneka zamakono, koma zimadya magetsi pang'onopang'ono ngakhale zitazima, ndipo zina zimayaka zokha pampu ya madzi ikalira. Za USB nazonso n'chimodzimodzi. Ngati kadoko ka USB kakudya 10mA usana ndi usiku, pa mwezi katha 7Ah, ndipo kalavani ikangokhala pansi pa mtengo wa mango miyezi itatu sola isakuona dzuwa, batire mudzalipeza litafooka. Ngati mukufunadi potchajira foni pabedi, gulani imene USB yake imazima ndi swichi, ndipo muonetsetse kuti ilibe kagetsi kabuluu koyaka usiku wonse, chifukwa dandaulo la mayi lidzangosamukira pamenepo.

Musanaboole paliponse, yesani malo usiku. Khalani pabedi mmene mumakhalira powerenga, mapilo ali kumsana, buku lili m'manja, mayi agone kumbali kwawo. Tengani tochi muziyendetsa pamwamba pa phewa lanu, mbali ya kukhoma kapena yotalikirana ndi mayi, mpaka kuwala kugwere pa tsamba popanda chithunzithunzi cha mutu wanu, iwo n'kunena kuti sikukuwafika kumaso. Kawirikawiri malowo amakhala masentimita 40 mpaka 50 kuchokera pa buku. Lembani ndi pensulo. Kenako dzukani mwadzidzidzi ngati mwamva fisi panja, muone ngati mutu sukagunda pamene mwalembapo. Malo abwino kuposa onse ndi kunsi kwa kabati ya pamwamba pa bedi, ngati ilipo, chifukwa waya amabisala m'kabatimo ndipo simukhudza khoma lakunja.

Neti ya udzudzu musaiboole kuti nyale ilowe. Malungo a ku Mambwe ndi ku Mfuwe si ochita nawo masewera, ndipo kabowo kolowa chala n'kokwanira udzudzu. Nyale ikhale kunja, pafupi ndi neti, kuwala kumadutsa bwinobwino, ndipo batani mumadina neti ili pakati. Kumbuyo kwa mutu wa LED kumafunda ndithu, choncho neti isagone pa nyalepo usiku wonse.

Tifike pa magetsi. Malo otengapo alipo atatu. Oyamba ndi bokosi la mafyuzi a 12V, ngati muli malo opanda kanthu. Awa ndiwo abwino, chifukwa nyale yanu imakhala ndi fyuzi yakeyake. Achiwiri ndi waya wa nyale ya padenga ija kapena soketi ya 12V yapafupi. Achitatu ndi pa batire penipeni. Musatenge pa batire loyatsira injini ya galimoto yokoka, tengani pa la kalavani.

Mukasankha nyale ya padenga, yambani mwatsimikiza kuti ndi ya 12V, chifukwa makalavani ambiri ali ndi magetsi amitundu iwiri, a batire ndi a 230V a ZESCO olowa pa chingwe chakunja. Zulani chingwecho, zimitsani inveta (kamakina kosandutsa magetsi a batire kukhala a 230V) ngati ilipo, muyatse nyale. Ikayaka, ndi ya batire. Kenako onani pamene pali swichi yake. Ngati swichi ili pa nyale pomwepo, mawaya awiri ofika pamenepo ali ndi magetsi nthawi zonse ndipo mukhoza kutengapo. Ngati swichi ili pakhoma pafupi ndi chitseko, waya wofika pa nyale amafa swichi ikazima, ndiye kanyale kanu kazidzayaka pokhapokha yaikulu itayaka, ntchito yonse n'kukhala yopanda phindu. Zikatero tengani pa waya wolowa mu swichi, osati wotuluka. Ngati ya padengayo ndi yachubu yakale, lumikizani pa mawaya olowa okha. Mkati mwake muli kadera kokweza magetsi kwambiri kuti chubu iyake, ndipo kamaluma.

Mtundu wa waya musaukhulupirire. Ambiri tinazolowera kuti wofiira ndi pozitivi, wakuda ndi negetivi, koma m'makalavani ena wakuda ndiye pozitivi, woyera ndi negetivi, ndipo kalavani yakale yadutsa m'manja mwa amisiri angapo, aliyense ndi waya amene anali naye tsiku limenelo. Ikani multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, pa 20V DC, gusitsani nsonga yofiira pa waya wina, yakuda pa winayo. Ikaonetsa 12.6, nsonga yofiira ili pa pozitivi. Ikaonetsa nambala yomweyo koma kutsogolo kuli kamzere kochotsera, mwatembenuza. Kulungani katepi kofiira pa pozitivi nthawi yomweyo. LED ikalumikizidwa motembenuza siyaka, ndipo zina, makamaka za USB, zimapsa.

Mukatha kuyeza, zimitsani zonse musanadule waya aliyense, ndipo motsatira dongosolo ili: chingwe cha 230V chizulidwe, sola ichotsedwe pa kontrola yake (kabokosi ka pakati pa sola ndi batire) kapena ifunditsidwe bulangete, ndipo pomaliza masulani negetivi ya batire. Pobwezera muyambe ndi batire, sola pambuyo. Makontrola ambiri amawonongeka kapena kusokonezeka akamalandira magetsi a sola batire palibe. Vulani mphete ndi wotchi yachitsulo. Magetsi a 12V sagwira munthu, koma batire likachita shoti limatulutsa ma ampu mazanamazana, ndipo mphete ikagunda pozitivi ndi chitsulo nthawi imodzi imafiira pa chala.

Chifukwa chomwecho ndi chimene fyuzi ilili yosakambirana. Fyuzi imateteza waya kuti asasanduke waya wa mbaula mkati mwa khoma la mitengo ndi thovu louma. Pa nyale imodzi kapena ziwiri ikani ya 3A, ngati pali USB ikani ya 5A. Pa mafyuzi a galimoto a timano tiwiri, ya 3A ndi yapepo, ya 5A ndi yotuwira ngati khaki, ya 10A yofiira, ya 15A yabuluu. Mukatenga pa batire penipeni, fyuzi ikhale pa pozitivi, pasanathe masentimita 20 kuchokera pa batire, chifukwa chidutswa cha waya cha pakati pa batire ndi fyuzi sichitetezedwa ndi kanthu. Mukatenga pa waya wa nyale ya padenga, kaoneni fyuzi imene ikuteteza waya ameneyo. Ngati ndi ya 10A kapena 15A ndipo waya wanu watsopano ndi wowonda kuposa wakalewo, ikani fyuzi ya 3A pamene mwapatukirapo. Mukapanda kutero, waya wowondayo akhoza kutentha fyuzi yaikulu isanaduke. Ndipo fyuzi ikaduka, pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya kapena kachidutswa ka waya si fyuzi.

Waya mugule wa galimoto, wa tinthambo tambirimbiri ta kopa, wa 1.0mm² kapena 1.5mm², makamaka wa awiri m'chikopa chimodzi. Waya wa m'nyumba wa nthambo imodzi yolimba amathyoka ndi kugwedezeka, monga mmene waya wa mpanda amadukira mukaupinda kangapo pamalo amodzi, ndipo amathyokera mkati mwa chikopa, kunja akuoneka wabwinobwino. M'mashopu a zida za galimoto ndi a sola, ku Down Shops ku Chipata ndi kwina konse, mumapezekanso waya wa aluminiyamu wongopakidwa kopa kunja. Pemphani kachidutswa, mupale tinthambo ndi mpeni. Mkati mukatuluka moyera ngati ndowa, musiyeni: amathetheka, amachita dzimbiri loyera pa joini, ndipo sanyamula magetsi ngati kopa. Za kutayika kwa magetsi m'njira musade nazo nkhawa. Pa mtunda wa mamita 5, kupita ndi kubwera mamita 10, waya wa kopa wa 1.0mm² amataya pafupifupi 0.04V pa nyale ya 3W, ndipo ngakhale foni ikutchaja samadutsa kota ya volti.

Negetivi ikhale ndi waya wakewake wobwerera ku bokosi la mafyuzi kapena ku negetivi ya pamene mwatengapo. Pa galimoto tinazolowera kumangira negetivi pa bodi paliponse, koma bodi ya kalavani ndi mitengo, thovu ndi lata lopyapyala lomatidwa ndi zomatira, ndipo kachitsulo kamene mwakapeza pafupi ndi bedi mwina sikalumikizana ndi tchesisi n'komwe. Nyale yoyaka lero, mawa n'kukana, nthawi zambiri vuto lake limakhala negetivi yotereyi.

Pa majoini ndi pamene ndikupemphani kuti mufatse. Kupota mawaya awiri n'kukulunga tepi yakuda ndi chizolowezi chathu, koma mu kalavani yotsekedwa pa dzuwa ulimbo wa tepi umasungunuka, tepi imasomphoka ngati khungu la njoka, kopa n'kutsala pamtunda. Gwiritsani ntchito timachubu topana, tofiira, timene timalandira waya wa 0.5 mpaka 1.5mm². Sendani waya mamilimita 7 kapena 8, lowetsani tinthambo tonse osatsala ndi kamodzi komwe kunja, panani ndi chopanira chake, osati mano a pulayala. Mukatha kokani mwamphamvu ndi manja awiri. Akasololoka, dulani muyambirenso. Kuli bwino asololokere m'manja mwanu kusiyana ndi m'khoma. Pamwamba pake vekani kachubu kofota ndi moto, kamene muyenera kukalowetsa pa waya musanapane. Tolumikizira ta Wago 221, totsegula ndi timikono, natonso timagwira bwino ndipo timalola kumasula tsiku lina, koma pamenepo waya amasendedwa mamilimita 11. Zolumikizira zoyera za masikuluwu zimakhwefuka pa msewu ndipo sikuluwu imadula tinthambo. Mtovu wowotcherera majoini nawo umalimbitsa waya moti amathyokera pamene mtovu wathera. Joini iliyonse ikhale pamalo oti mukhoza kuifika, monga m'kabati, ndipo imangiriridwe kuti isalendewere.

Waya adutse m'makabati ndi m'makona, osati m'kati mwa khoma, chifukwa khomalo ndi lodzadza thovu ndipo simungamukokemo. Podutsa pa thabwa boolani bowo la mamilimita 8 kapena 10, podutsa pa chitsulo ikanipo kamphira kozungulira kuti m'mphepete musacheke chikopa. Mumange ndi tomangira pa masentimita 30 alionse, ndipo kumbuyo kwa nyale musiye masentimita 10 opuma kuti mudzathe kuitsitsa. Asayende limodzi ndi mawaya a 230V, asamangiriridwe pa paipi ya gasi, ndipo m'kabati ya botolo la gasi musadutse waya kapena joini iliyonse. Ngati kalavani imaima pafupi ndi nkhokwe kapena matumba a chimanga, vekani waya paipi yapulasitiki yopindika m'malo obisika, chifukwa makoswe amakonda chikopa cha waya. Pamene waya akuonekera, kamsewu kapulasitiki kokhala ndi chivundikiro kamabisa bwino, koma ulimbo wake wokha sugwira pa kutentha kwathu kuno. Onjezani tisikuluwu tiwiri titatu.

Tsopano kumanga nyaleyo. Pulaiwudi ya mkati mwa khoma imakhala ya mamilimita 3 kapena 4 okha, kuseri kwake thovu, kenako lata lakunja, ndipo khoma lonse nthawi zambiri silifika masentimita 3. Masikuluwu obwera m'bokosi la nyale amapangidwira makoma a nyumba ndipo akhoza kutulukira kunja. Kabowo kameneko mwina simungakaone mu Ogasiti, koma mvula ya mu Januwale idzakapeza, madzi adzalowa, mitengo ya m'khoma n'kuyamba kuwola mwakachetechete. Yezani kunenepa kwa khoma pa chitseko kapena pa windo, ndipo gwiritsani ntchito masikuluwu a mamilimita 12. Pa kachitsulo koboolera kulungani tepi pa mamilimita 5 kuchokera kunsonga kuti mudziwe poimira. Musanaboole gogodani ndi chala: pomveka mwa gwa pali mtengo, ndipo sikuluwu imagwira bwino pamenepo. Onaninso kuseri ndi m'makabati oyandikana kuti mudziwe kumene mawaya akale akudutsa.

Pulaiwudi ya mamilimita 3 payokha singagwire nyale imene izipindidwa usiku uliwonse. Dulani kathabwa ka pulaiwudi ya mamilimita 9 kapena 12, kukula masentimita 10 mbali zonse, kasalazeni, kapakeni vanishi, kamateni pakhoma ndi guluu wa mitengo ngati khomalo ndi thabwa losapakidwa kapena womatira wa m'chubu ngati lili ndi pepala lapulasitiki, n'kuonjezera masikuluwu anayi m'makona, otalika mongokwanira kudutsa kathabwako ndi kuluma khoma. Nyale imangidwe pa kathabwako. Ngati mukuika kunsi kwa kabati, boolani mpaka mkati, mumange ndi timabawuti ta M4, mawashala aakulu ndi manati okhala ndi pulasitiki mkati, amene samasuka okha. Pomanga gwiritsani ntchito dzanja, makina amapota mopitirira n'kudya thabwa.

Mukabwezera batire ndi fyuzi, yatsani. Ikapanda kuyaka, yezani magetsi pa mawaya ofika pa nyale. Pakakhala 12V koma ndi kamzere kochotsera, mwatembenuza. Pakakhala palibe kanthu, bwererani m'mbuyo joini ndi joini mpaka fyuzi. Fyuzi ikaduka nthawi yomweyo, pali shoti, ndipo kawirikawiri ndi sikuluwu imene yalasa waya kapena kanthambo kamodzi kotsalira kunja kwa joini. Musaike fyuzi yaikulu, funani malowo. Nyale ikamaphethira pampu ya madzi kapena furiji ikayamba, ndiye kuti ikugawana waya ndi zimenezo, isamutsireni pa fyuzi yakeyake. Ikamaphethira mukagogoda khoma, pali joini yokhwefuka. Ikamazirala usiku ukamapita, yezani batire: likatsika pansi pa 12.1V litapuma, ladyedwa kale theka, ndipo vuto si nyale. Isiyeni yoyaka theka la ola, kenako gwirani majoini ndi chosungira fyuzi. Pasakhale pofunda paliponse.

Ngati zonsezi zikukukulirani, amagetsi a galimoto amene amadziwa ntchito akhoza kumaliza m'maola awiri, koma muimirire pomwepo muone kuti fyuzi yaikidwa, majoini apanidwa, ndipo masikuluwu ndi aafupi. Tinyale totchaja topana pa shelefu timathandiza pongoyembekezera, bola musatisiye pa windo la kalavani yotsekedwa masana, chifukwa mabatire a lithiamu amafufuma ndi kutentha.

Popeza waya mukukoka kale, kokeraninso wina kumbali ya mayi, ngakhale nyale yawo mudzagule mtsogolo. Nyale ziwiri za 3W ndi 0.5A basi, fyuzi ya 3A yomweyo ikwanira, ndipo nsonga za waya wodikirayo muzitseke ndi kachubu kofota, iliyonse payokha. Mukabwerako ulendo woyamba wa ku Mfuwe, tsegulani kabati, kokani joini iliyonse pang'ono, yesani masikuluwu a nyale ndi dzanja, ndipo mumate mafyuzi awiri apadera a 3A mkati mwa chivundikiro cha bokosi la mafyuzi, pamodzi ndi kapepala kolemba kuti fyuzi yakutiyakuti ndi ya nyale ya kubedi.